Nkhungu ya Nambala Seveni

3 Malichi

Okondedwa Agogo,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amalume ndi nkhuku zonse. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ku yunivesite ndili bwino. Ndalemba kalata poti munati pafoni mumangomva ngati munthu akulankhulira m'chidebe.

Mukukumbukira patchuthi paja ndinadula timitengo m'mitengo ya pakhomo, n'kutiika m'timatumba ta pulasitiki tolemba manambala, m'kabokosi kozizira kaja? Agogo, nambala seveni yandichitira zodabwitsa. M'kati mwa mitengo yamoyo mumakhala nkhungu yosaoneka ndi maso, ndipo mtengo sudwala nayo. Ife timatsuka kamtengo kunja kokha, timakadula tizidutswa, n'kuika m'timbale tagalasi momwe muli chakudya chake. Pakapita masiku nkhungu ija imatuluka. Ya nambala seveni titaiika pakati pa tizilombo toyambitsa zilonda, tija tasiya kumva mankhwala a kuchipatala, tonse toyandikira tinafa. Panatsala bwalo loyera mbee.

Vuto ndi ili. Nkhungu ikakhalitsa m'mbale, kutali ndi mtengo wake, nthawi zina imafooka. Yangayi yasiya kupha. Apulofesa akuti nditenge ina pa mtengo womwewo, ndiwaonetse kachiwiri pasanafike pa 30 Meyi. Ndikalephera, ntchito ya zaka zitatu yalowa m'madzi, digiri palibe.

M'buku langa ndinalemba kuti seveni ndi gwafa wa kuseri kwa bafa. Chonde mudule timitengo khumi totalika ngati chala, mupatse adalaivala a basi ya m'mawa.

Ndine mdzukulu wanu,
Magalasi

9 Malichi

Iwe Magalasi,

Moni. Tonse tili bwino kupatula bondo, malume ako, ndi tambala amene wayamba kulira masana ngati wina wamulemba ganyu.

Sukulu yanga inathera Sitandade 3, koma nkhungu ndimaidziwa. Ndi ija imagwa m'mawa mpaka munthu osaona chimbudzi. Ndiye Lachisanu ndinalawirira, botolo kumanja, chitsekero kumanzere, n'kukaima pansi pa gwafa kudikira kuti ituluke. Ndinakokola mpweya kanayi n'kutseka msanga. Malume ako popita ku shedi yake yopalira matabwa anandipeza ndili choncho.

Anati, "Amayi, mukugwira chiyani?"

Ndinati, "Digiri ya mwana wa mlongo wako. Dutsa."

Atawerenga kalata yako anaseka mpaka anakhalira ndowa. Akuti ukunena chuku.

Chuku! Bwanji osangolemba kuti chuku? Ine moyo wanga wonse ndamenyana ndi chuku, pa buledi, m'nsapato, pakhoma la kuchipinda, mpaka pa jekete la malemu agogo ako aamuna, eni ake ali momwemo. Lero mdzukulu wanga akuchiweta m'mbale, akuchiphikira, chikafooka iye n'kumalira. Anzako akuweta nkhumba.

Timitengo ndatumiza. Koma sindingalole kuti apulofesa akowo azinena kuti kwanu n'kwauve. Ndatitsuka ndi sopo, ndatiwiritsa bwinobwino, ndatiyanika padzuwa masiku awiri. Tayera ngati mano a mwana. Botolo lija ndaikamonso, mwina lingathandize.

Tsopano imva nkhani yeniyeni. Mlandu wanga ndi a Wailesi a kuseri kwa mpanda ndawina. Zaka khumi ndi chimodzi! Akomiti ya mumsewu mwathu anabwera, ndinawayalira nsalu yanga ya pabedi, ija mbalame zodya mabulosi a mayiwa zaisandutsa mapu a dziko. A Wailesi analankhula maola awiri osameza malovu, koma nsalu inalankhula kuposa iwo. Chigamulo n'chakuti nthambi za mtengo wawo wa mabulosi zolowa kwathu zidulidwe tsiku lomwelo, ndipo zinadulidwa ine ndikuwerenga. Mtengo wonse ugwa pa 25 Epulo. Ndasoketsa kale diresi lokaonerera.

Uzidya. Pachithunzi chija khosi lako likuoneka ngati la botolo lomweli.

Agogo ako

13 Malichi

Okondedwa Agogo,

Zikomo chifukwa cha katundu, ndipo pepani ndi bondo. Koma agogo, mwapha zonse. Nkhungu ikufunika yamoyo. Musatsuke, musawiritse, musayanike. Kudula, kuika m'thumba, kupereka kwa adalaivala, basi. Kutsuka ndi ntchito yanga kuno.

Botolo lafika bwino. Anzanga a mu labu aliika pa shelefu, ndipo aliyense wolowa akumalivulira chipewa.

Masiku akutha. Chonde tumizani mawa lomwe.

Magalasi

17 Malichi

Magalasi,

Moni. Anzakowo uwauze kuti aziseka bwino, mano amatha.

Nati timitengo tako, tauve monga umafunira. Muli fumbi, muli ndowe ya mbalame, muli nyerere ziwiri za basela. Adalaivala anafunsa kuti muli chiyani, ndinati nkhuni za mwana wasukulu, amaphika pang'onopang'ono.

A Wailesi agula galu. Akuti ndi wolondera mtengo mpaka tsiku lake, kuopa kuti ena angafulumire. Enawo ndine. Galuyo watengera mbuye wake, amauwa ngakhale palibe nkhani.

Kodi iwe, kamtengo kakachotsedwa masamba, apulofesa angadziwe kuti aka n'ka gwafa, aka n'ka mtengo wina? Ndikungofunsa. Munthu akakalamba amafunsa zinthu.

Agogo ako

10 Epulo

Okondedwa Agogo,

Muli bwanji? Ine sindili bwino.

Ndadikira masabata atatu. M'timitengo tija mwatuluka nkhungu zamitundu isanu ndi umodzi, koma ija mulibe. Ija inali yotuwa pamwamba, yofiirira pansi. Izi tizilombo tikungozikwera ngati mpando.

Dzulo apulofesa anandiitana ku ofesi, n'kutseka chitseko. Akuti pali ziwiri: kapena ndinasokoneza matumba, kapena bwalo lija ndinalipanga ndekha ndi mankhwala a m'botolo. Agogo, akundiyesa wabodza. Ndinalirira m'chimbudzi cha pansi kuti anzanga asaone.

Funso lanu lija landisowetsa mtendere. Timitengo topanda masamba timafanana ngati ana ometa mpala, ndipo tsiku lija ndinali nato makumi awiri, sindinayang'anitsitse. Kodi alipo amene anatsegula kabokosi kaja ine nditapita kukagula tikiti? Amalume? Ndiuzeni zoona, sindikwiya.

Magalasi

14 Epulo

Mdzukulu wanga,

Moni. Kuno kwayamba kuzizira. Nkhuku yamawanga yaswa anapiye asanu ndi awiri, mmodzi ndi wopusa. Malume ako wapanga tebulo la miyendo inayi yosagwirizana, akuti vuto ndi pansi. Mtengo wa sopo wakwera. Mkazi wa telala wabereka mwana wofanana ndi wogulitsa makala, koma ine sindinanene kanthu.

Apulofesa akowo ali ndi ndevu? Anthu okayikira anzawo amakhala ndi ndevu.

Malume ako sanagwire kabokosi. Iye chinthu chozizira amachigwira chikakhala m'botolo.

Chabwino. Imva, ndipo wanena wekha kuti sukwiya.

Tsiku lija utapita kukagula tikiti, ndinafuna kumwa tiyi. Mlomo wa tiyipoti unali utatsekeka ndi masamba. Ndinafuna waya, sindinaupeze. Ndinafuna singano yolukira, malume ako anakonzera wailesi yeniyeni. Ndiye ndinaona kabokosi kako kali phee patebulo, m'kati muli timitengo todula kale, tosalala, saizi yake ya mlomo wa tiyipoti. Ndinatenga kamodzi. Kanagwira ntchito bwino kwambiri, uwauze apulofesa kuti gwafa amatsegula tiyipoti. Kenaka kanathyoka, ndinakaponya pamoto.

Nditaona kathumba kali pululu, nambala seveni ikundiyang'ana, ndinati ndibwezeremo. Koma kunja kunkagwa mvula, gwafa ali kutali kuseri kwa bafa, ndipo bondo ukulidziwa. Pakhomo penipeni pa khitchini panali nthambi ya mabulosi a a Wailesi, italowa kwathu popanda odi monga mwa masiku onse. Ndinaithyola ndi mtima wonse. Ndinasadza masamba, ndinadula saizi ya chala, ndinaika m'thumba. Ndinati mtengo ndi mtengo.

Ndiye nkhungu yako yanzeruyo ndi ya a Wailesi. N'chifukwa chake tizilombo tikufa. Inenso zaka khumi ndi chimodzi ndatsala pang'ono.

Usade nkhawa. Nthambi za mbali yathu zinatha, ndipo kuli galu, koma mtengo ukagwa pa 25 ndikatola timitengo pamsewu, palibe angandiletse.

Agogo ako

Kalatayi ndinalemba pa 14, lero ndi pa 20. Inali pansi pa pilo, ndimadikira kuti mwina isintha.

23 Epulo

Agogo!

Sindikukwiya. Ndikulemba nditaimirira, koma sindikukwiya.

Mtengo usagwe! Timitengo totola pamsewu sitikwanira. Ndawauza apulofesa zonse, ndipo akuti nkhani ya tiyipoti aikhulupirira pokhapokha adzaone mtengowo uli chiimire, adzadule okha kachiwiri nyengo ikasintha. Ukagwa, ine ndagwa nawo.

Pitani kwa a Wailesi. Pakhomo, osati pampanda. Mukagogode, mukapemphe. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Chonde, agogo.

Magalasi

26 Epulo

Magalasi,

Moni. Khala pansi, poti unalemba utaimirira.

Kalata yako inagona panjira, basi inathyoka chitsulo. Inandipeza dzulo lomwe, pa 25, nthawi ya naini. Ine n'kuti nditavala diresi langa latsopano loyera, nditakhala pampando pafupi ndi mpanda, kapu ya tiyi m'manja. Kuseri wamacheka anali atafika kale ndi makina ake, akukoka chingwe, makina akutsokomola ngati agogo ako aamuna m'mawa. Anthu a mumsewu anali atadzaza, akomiti atatu ali kutsogolo.

Malume ako anandipatsa kalata. Ndinawerenga. Ndinawerenganso kuti mwina ndalakwitsa ngati za nkhungu zija. Ndinamuuza kuti, "Pita ndiwe." Iye anati, "Amayi, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko." Mwana amene ndinamubereka ndekha.

Ndinapita. Kuchoka pageti pathu kufika pa geti lawo ndi mapazi makumi awiri, koma ndinatuluka thukuta ngati ndakwera phiri.

Ndinati, "Odi."

A Wailesi anati, "Ndani? Mawuwo ndikuwadziwa, koma odi sindinawamvepo naye."

"Ndine, anzanga."

"Anzanga! Wamacheka, taleka kaye, ndimve bwino. A Lumo akuti anzanga. Mwadwala? Mwabwera kudzatsanzika?"

Eya, amanditchula Lumo. Ndinameza. Ndinati, "Mtengowu usadulidwe."

Msewu wonse unatembenukira kwa ine. Ngakhale galu anakhala pansi.

Iwo anati, "Iii, ine ndimamvera malamulo, mayi. Akomiti anagamula. Komanso ndazolowera kale maganizo ake. Pano padzalowa dzuwa, ndidzadzala kabichi. Wamacheka, pitiriza."

Ndinati, "Muli mankhwala m'menemo."

"Mankhwala? Si munauza komiti kuti muli satana?"

"Onse awiri alimo. Mtengo ndi waukulu."

Basi ndinafotokoza zonse, pamaso pa anthu, za iwe, za timbale, za bwalo loyera, za tiyipoti. Wapampando wa komiti anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

A Wailesi anati, "Ndiye kuti munaba."

"Ndinathyola."

"Nthambi ya ndani?"

"Inali kwathu."

"Nkhuku yanu ikalowa kwathu ndiziphika?"

Wamacheka anati, "Amayi, ndidule kapena ndisadule? Ine ndili ndi mtengo wina ku tchalitchi." Pomwepo anakoka chingwe mwaukali, ndipo makina amene anakana m'mawa wonse anasankha nthawi imeneyo kulira. Anawagunditsa pakhungwa, utuchi n'kuyamba kuuluka.

Mwana iwe, bondo lija ndinaliiwala. Sindikudziwa kuti galu ndinamudumpha kapena anandipatsa njira. Ndinangozindikira ndakumbatira mtengo, tsaya lili pakhungwa, ndikukuwa kuti, "Yamba ine!" Agogo ako aamuna sindinawakumbatirepo choncho. Wamacheka anazimitsa makina n'kunena kuti za anthu salipidwa. Mbalame zomwe zinathawa phokoso zinabwerera, ndipo imodzi inandipatsa moni paphewa la diresi.

A Wailesi anaseka mpaka anagwira mpanda. Atapuma anati, "Tizilombo take toyambitsa chiyani, mwati?"

Ndinati, "Zilonda zosamva mankhwala."

Anakhala chete. Ine chibadwire sindinamvepo mayi ameneyu ali chete, ndinachita mantha. Kenaka anati, "Bambo a kwathu anapita ndi chilonda cha pamwendo. Chinayamba ndi msomali. Majakisoni onse anatha, madokotala anangoti tizilombo take sitikumva." Ine ndinkadziwa kuti anamwalira ndi mwendo, koma pamaliro paja ndinakhala kumbuyo, sindinafunse.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo wailesi inayakanso. Anati, "Mtengo ukhala, chifukwa cha mwana uja. Iye amandipatsa moni pampanda inu mukapita kumsika, simukudziwa. Koma inu a Lumo, musanausiye mtengowo, muwauze akomiti za nsalu ija."

Ndinati, "Nsalu yatani?"

"Ndinakuonani pabowo la mpanda. Lachitatu, mlandu uli mawa lake. Mbale ya mabulosi ili apa, nsalu ili apa."

Magalasi, ndinayang'ana makina, ndinayang'ana akomiti, ndinaganiza za khosi lako lija. Ndinati, "Mbalame zinayamba. Ine ndinangomalizitsa."

Wapampando anangofa ndi phwete. Mlembi ndiye anafufuta chigamulo, misozi ikugwera m'kope. Kubwerera kunyumba mapazi makumi awiri aja ndinayenda mutu uli m'mwamba, chifukwa ndikanauweramitsa ndikanaona diresi.

Timitengo adula okha a Wailesi, akuti ine ndingasinthenso. Tili m'thumba limodzi ndi kalata yawo. Sindinaiwerenge. Anaimata kwambiri.

Ukapanda kupeza bwalo lako loyeralo, usabwere kuno. Ine ndidzabwera kumeneko, tidzakhale tonse mu labu, chifukwa mumsewu uno sindingayendenso.

Agogo ako

26 Epulo

Mwana wanga,

Moni, ndine mayi wa kuseri kwa mpanda, agogo ako amanditchula Wailesi, akuganiza kuti sindidziwa, ndikudziwa, ndipo wailesi ndi chinthu chodula, lumo ndi la pa okala. Ndadula timitengo khumi ndi tiwiri, tiwirito ndi ta mbali imene agogo ako anaukumbatira, mwina nkhungu ya pamenepo yaopsedwa, uyese padera. Mtengowu anadzala ndi malemu amuna anga chaka chimene tinafolera nyumba, ndiye uugwire bwino. Pamene makina analuma ndamatapo dothi, uchira. Apulofesa akadzabwera undiuziretu nditsuke makapu, asadzalowere geti lolakwika, kumeneko akawawiritsa. Agogo ako dzulo madzulo anabwera kudzabwereka mchere, mchere ali nawo, ndinawapatsa, anakhala mpaka dzuwa kulowa akundiuza kuti galu wanga ndi wonyansa. Uzilimbikira sukulu.

Ine mayi ako wa kuseri

22 Meyi

Okondedwa Agogo,

Muli bwanji? Bondo lachira ku mpikisano uja?

Agogo, yatuluka! Yotuwa pamwamba, yofiirira pansi, m'timitengo tisanu ndi tinayi mwa khumi ndi tiwiri. Lolemba ndinaiika pakati pa tizilombo. Lachitatu m'mawa ndinaopa kutsegula kabati, anatsegula ndi mnzanga. Bwalo loyera, lalikulu kuposa loyamba lija! Apulofesa anayeza ndi rula kawiri, anavula magalasi, n'kunena kuti pepani. Ndevu ali nazo.

Musauze anthu kuti tapeza mankhwala. Padakali zaka zambiri kuti tidziwe ngati chimene nkhunguyi imatulutsa chingathandize munthu osamupweteka. Ndipo a Wailesi muwauze kuti asamwetse aliyense makungwa. Koma digiri yanga yapulumuka. Tibwera mu Julaye kudzaona mtengo.

Chatsala chimodzi. M'buku langa muyenera kukhala ndime yofotokoza mmene kamtengo koyamba kanasankhidwira, ndipo apulofesa akuti ndilembe zoona. Ndilembe bwanji?

Mdzukulu wanu wokondwa,
Magalasi

27 Meyi

Dokotala Magalasi,

Moni. Malume ako akuti sunafike pa udokotala. Ndamuuza kuti iyenso sanafike pa ukalipentala koma timamutchula.

Kalata yako ndinaiwerengera pageti, mokweza, kawiri, nthawi imene anthu amachokera kumsika. Kenaka ndinapita nayo kuseri. A Wailesi analira, atatha analankhula mpaka tiyi anazizira kawiri. Za makungwa ndawauza, koma mochedwa pang'ono. Telala anamwa kale. Ali bwino, kungoti akuyenda mofulumira.

Tsopano za ndime yakoyo. Apulofesa akufuna zoona, ndiye tiwapatse zoona. Mitengo makumi awiri unasankha iwe wa magalasi ndi mabuku, yonse inabala chuku wamba. Mtengo umodzi ndinasankha ine wa Sitandade 3, mvula ikugwa, bondo likuwawa, ndipo ndi umenewo. Tiyipoti asalowe m'buku, ndi wa pakhomo, alibe nazo ntchito za sukulu.

Ulembe chonchi: "Kamtengo aka kanasankhidwa ndi agogo anga, amene anauyang'anitsitsa mtengowu tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi."

Apeze bodza pamenepo.

Agogo ako